Yang'anani mapazi ake, osati pakamwa

Mayi wina wa m'dera lathu kuno ku Blantyre analandidwa chikwama ndi foni pageti la nyumba yake yomwe, akugogoda kuti ana amutsegulire. Kunali kutangoda kumene, ndipo anyamata amene anachita zimenezi anali atamutsatira kuchokera pa siteji ya minibasi. Sanamuvulaze kwambiri, koma nkhaniyo inatikhudza tonse amene timatseka mashopu mochedwa n'kuyenda kamtunda ndithu tisanafike kunyumba. Ine ndinayamba kuganiza za Bruno, galu wanga wamphongo amene pa nthawiyo anali ndi miyezi 10, ndipo funso langa linali lakuti kodi angaphunzitsidwe kuti aziyenda nane ndi kunditeteza munthu akandiputa.

Aliyense amene ankamudziwa Bruno ankati ntchitoyo ndi yake. Mayi wake anali German Shepherd, ndipo amene anandigulitsa anati bambo wake anali ndi magazi a Rottweiler. Thupi lake linali lalikulu kuposa msinkhu wake, ndipo munthu akangodutsa kuseri kwa mpanda, ankauwa mpaka agalu onse a m'makomo oyandikana nafe kudzuka. Owerenga mita ya madzi ankaima patali n'kumafuula kuti timumange kaye. Achimwene anga atamuona anati, “Uyutu ndiye galu. Ukangomupititsa kwa aphunzitsi, mbava ziiwala njira ya kuno.”

Ndinapeza mphunzitsi wa agalu, bambo wachikulire amene anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri pa kampani ina ya alonda asanayambe kuphunzitsa payekha. Pafoni anandiuza mosabisa kuti maphunziro oluma salandirako galu aliyense, ndipo ayenera kumuyesa kaye asananene chilichonse.

Mafunso asanamukhudze n'komwe

Bambowo anasankha bwalo la mpira la kutali ndi kwathu, malo amene Bruno anali asanafikeko. Anati galu aliyense amalimba mtima akakhala kuseri kwa mpanda wa kwawo, choncho kumuyesera pakhomo n'kudzinamiza. Titafika sanamuyandikire. Anaima chapatali, manja ali kumbuyo, n'kuyamba kundifunsa mafunso, koma maso awo sanachoke pa galu.

Choyamba anapempha khadi la katemera, ndipo anaonetsetsa tsiku limene Bruno anabayidwa wa chiwewe. Pa ichi sindinadabwe, chifukwa ife a ku Blantyre tikudziwa mmene chiwewe chinapwetekera ana mumzinda uno, mpaka bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera m'madera athu mu 2015. Munthu amene ntchito yake ndi kuphunzitsa agalu kuluma sangayambire pena. Kenako anafunsa ngati mano a ukhanda anagwa onse. Anafotokoza kuti kagalu kamakhala ndi mano 28 amene amayamba kugwa kakamayandikira miyezi 4, ndipo mano 42 a ukulu amakhala atamera pofika miyezi 6 kapena 7. Galu akamakokedwa ndi chiguduli pa nthawi imene nkhama zake zikupweteka, amatha kuyamba kuluma mozengereza, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa.

Atatero anafika pa funso limene ndinaona kuti ndi limene ankalifuna kwenikweni. “Mayi, miyezi itatu yoyambirira galuyu anakhala kuti, ndipo ankaona ndani?” Ndinawauza kuti ndinamutenga atadutsa kale miyezi itatu, ndipo nthawi yonseyo iye ndi abale ake anali m'kakhola kuseri kwa nyumba ya wogulitsa, amene sankawatulutsa poopa matenda a parvo. Munthu amene ankamuona tsiku ndi tsiku anali mnyamata wowapatsa chakudya basi. Bambowo anangogwedeza mutu. Pambuyo pake ndinawerenga kuti akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza za agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor m'dziko la America n'kufalitsa zotsatira zake mu 1965, anapeza kuti pakati pa masabata 3 ndi 12 ndi pamene kagalu kamaphunzira mosavuta kuti anthu ndi zinthu zachilendo si zoopsa. Nthawi imeneyo ikadutsa, galu amaphunzirabe, koma movutikira, ndipo chilichonse chatsopano amayamba wachikayikira.

“Nanga mayi wake munamuona? Anatani atakuonani?” Ndinakumbuka kuti analowa m'kanyumba kake n'kumauwira m'kati momwemo, osatulutsa ngakhale mutu.

Chiguduli, mpira ndi chitini

Mayeso anayamba ndi masewera. Bambowo anamangirira chiguduli ku chingwe chachitali n'kuyamba kuchikoka pansi mochigwedeza, ndipo Bruno anachithamangitsa ndi mtima wonse mpaka kuchigwira. Ine ndinasangalala, koma iwo anali kuyang'ana kagwiridwe kake. Anandionetsa kuti wachigwira ndi mano a kutsogolo okha, akuchitafuna ndi kusinthasintha pogwira, pamene galu wodekha amadzaza kamwa yonse mpaka mano a m'mbali n'kugwiritsa phee osatafuna. Kenako, chingwe chili chokoka, bambowo anayenda pang'onopang'ono n'kuwerama pamwamba pa Bruno, osamukhudza. Nthawi yomweyo Bruno anasiya chiguduli n'kubwerera m'mbuyo.

Pa mayeso achiwiri ndi pamene anachita bwino kwambiri. Bambowo anamuonetsa mpira, anauponya m'maudzu ataliatali a m'mbali mwa bwalo, n'kundiuza kuti ndimugwire kaye kwa kanthawi ndisanamusiye. Bruno analowa m'maudzu mphuno ili pansi, anazungulira, anadutsa pomwepo, anabwereranso, ndipo sanayang'ane kwa ine ngakhale kamodzi kuti ndimuthandize mpaka anaupeza. Bambowo anati agalu ambiri amasiya msanga, ndipo khama limenelo si chinthu chimene munthu angachiike mwa galu amene alibe.

Kenako panabwera zinthu zodzidzimutsa. Anamuyendetsa pa lata lakale limene anayala pansi, ndipo Bruno analizungulira osafuna kuliponda. Anatsegula ambulera mwadzidzidzi chapatali pang'ono. Anagwetsa kumbuyo kwathu chitini chokhala ndi timiyala. Bruno analumpha mpaka pothera chingwe, ndipo ine ndinafulumira kumuikira kumbuyo kuti aliyense angadzidzimuke ndi phokoso lotere. Bambowo anavomera. “Kudzidzimuka si mlandu, Mayi. Ngakhale galu wapolisi amadzidzimuka. Chimene ndikuyang'ana n'chakuti atenga nthawi yaitali bwanji kuti mtima ukhale pansi, ndiponso ngati apite yekha kukanunkhiza chimene chamudzidzimutsacho.” Tinadikira. Chitini chinali pomwepo paudzu. Bruno anachiyang'ana cham'mbali, anayasamula, ananyambita mphuno, koma sanachiyandikire. Bambowo atakokanso chiguduli chija, chimene poyamba ankachilimbirana, anangochiyang'ana.

Munthu wa chipewa

Mayeso omaliza ndi amene amandibwerera m'maganizo kawirikawiri. Bambowo anabwera ndi mnyamata wowathandiza, amene nthawi yonseyi anali atabisala kuseri kwa mitengo kumapeto kwa bwalo. Anandiuza kuti, “Mayi, gwirani chingwe ndi manja awiri, muime nji pamalo amodzi. Musalankhule naye, musamusisite, musamulimbikitse. Chilichonse chimene achite, chikhale chochokera mwa iye.” Anawonjezera kuti kwa galu wa msinkhu umenewu mnyamatayo sadzayandikira kwambiri ndipo sadzamukhudza, chifukwa cholinga n'kuona zimene zili m'kati mwake, osati kumuthyola mtima.

Mnyamatayo anatulukira atavala chijasi chachitali ndi chipewa chophimba nkhope, atanyamula ndodo, akuyenda chowerama ndi mozemba, kuima, kuyang'anitsitsa galu m'maso, n'kuyendanso. Bruno anamuona ali patali ndithu ndipo anaphulika. Anauwa mwaukali umene ndinali ndisanaumvepo, mofulumira, mawu ali okwera, mano onse ali panja, ubweya utaima kuyambira pakhosi mpaka pamchira. Kunena zoona, mumtima mwanga ndinamva kuti ndatetezeka, ndipo ndinaganiza kuti zonse za lata ndi chitini zija zafafanizika.

Bambowo anali ataima pambali panga, ndipo analankhula motsitsa mawu. “Mayi, musamvere pakamwa. Yang'anani mapazi ake.”

Ndinayang'ana pansi. Mapazi a Bruno anali kubwerera m'mbuyo. Nthawi iliyonse akauwa, mutu unkapita kutsogolo, koma miyendo yakumbuyo inali yopindika, thupi lonse litatsamira kumbuyo, ndipo phazi lililonse likanyamuka linkatera kumbuyo kwa pamene linali. Chingwe chimene ndinachigwira ndi manja awiri, ndikuyembekezera kuti andikoka, chinali lende. Nthiti zake zinali zitatsamira pa bondo langa ndipo ndinkamva mmene zinkanjenjemerera. Mchira unali pansi, makutu atagona, ndipo pakati pa kuuwako maso ake ankathawira kumbali, kumene tinalowera pabwalopo. Mnyamatayo atapondanso kutsogolo kamodzi, Bruno anazungulira n'kukaima kumbuyo kwa miyendo yanga, akuuwabe ndi mphamvu zomwe zija. Pa nthawi imeneyo ine ndi amene ndinali pakati pa iye ndi munthu wa ndodoyo.

Bambowo anakweza dzanja. Mnyamatayo anataya ndodo, anavula chipewa ndi chijasi, anatembenukira cham'mbali, ananjuta, n'kuyamba kuitana Bruno ndi mawu ofatsa atatambasula dzanja lokhala ndi kachidutswa ka chiwindi chowotcha. Choopsa chinali chitatha, ndipo munthu aliyense akanaona kuti chatha, koma Bruno sanaone. Anapitiriza kuuwa, kupuma wefuwefu, ndipo chiwindi chimene kunyumba amachilumphira sanachinunkhize n'komwe ngakhale atachiponyera pafupi ndi mapazi ake. Kenako mnyamatayo anaimirira n'kutembenuka kuti azipita. Atangoonetsa msana, Bruno anatuluka kumbuyo kwanga ndi liwiro n'kulumphira cha ku zidendene zake, ndipo apa m'pamene chingwe chinakoka koyamba.

Bambowo sananene kanthu. Anapita kugalimoto lawo n'kutulutsa galu wawo, German Shepherd wamkazi wokalamba, wa imvi kukamwa. Bruno tinamuika patali, mnyamata uja anavalanso zovala zake, n'kubwereza zonse. Galu wamkaziyo anangoima, makutu ali chilili, kukamwa kuli kotseka, akuyang'ana. Mnyamatayo atafika pa mtunda wina, anapita kutsogolo mpaka chingwe chinati nga, n'kuuwa ndi mawu akuya, amodziamodzi, mapazi onse akukankhira kutsogolo. Chipewa chitavulidwa, anasiya, anapita kukamununkhiza, anadya chiwindi, n'kugona paudzu. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ameneyu sanawononge mawu ngakhale amodzi.

Zimene mapazi aja ankanena

Tinakhala pansi pamthunzi ndipo bambowo anandifotokozera. Galu amaluma pa zifukwa ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi chilakolako chothamangitsa ndi kugwira chinthu choyenda, chija chimene chiguduli chimadzutsa. Galu akamaluma chifukwa cha ichi amakhala wosangalala, ndipo maphunziro a galu wamng'ono amayambira pamenepa ngati masewera. Chachiwiri ndi kudziteteza, pamene galu waona kuti pali choopsa ndipo ayenera kusankha pakati pa kulimbana ndi kuthawa. Kulimba mtima koyenera mbali imeneyi kumabwera galu akamakhwima, nthawi zambiri atadutsa chaka, ndipo mphunzitsi amene amaopseza galu wamng'ono kuti aoneke wolusa msanga amamuwononga.

Galu aliyense, ngakhale wolimba chotani, ali ndi malire amene akapyoledwa amathawa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa galu woyenera ntchitoyi malirewo ali kutali kwambiri, ndipo sathamangira kuona choopsa pamene palibe, pamene kwa galu wamantha malirewo ali pafupi ndipo pafupifupi chilichonse chachilendo n'choopsa. Bruno anali pa chingwe, sakanatha kuthawa, choncho anagwiritsa ntchito chida chimene anachiphunzira pakhomo. Munthu akadutsa kuseri kwa mpanda, iye amauwa, munthuyo amapitirira ulendo wake, ndipo m'mutu mwa galu ndiye kuti kuuwa kwamuthamangitsa. Zimenezi zikachitika tsiku lililonse, kuuwako kumakula, koma mantha amene ali pansi pake sachepa.

“Nditati ndimulandire,” anatero bambowo, “ndingathe kumuphunzitsa kuluma, ndipo sizingatenge nthawi. Mudzaona akulumphira mkono wa mnyamatayu, mudzajambula pafoni, mudzalipira mokondwa. Koma ndidzakhala nditapereka chikwanje kwa munthu amene amadzidzimuka ndi chithunzithunzi chake chomwe. Amene adzalumidwe si mbava, Mayi. Ndi mwana wa anansi anu amene walowa kudzatola mpira, ndipo adzalumidwa akutembenuka kuti athawe. Mbava yeniyeni, imene sibwerera m'mbuyo galu akauwa, idzamuona akuthawira kuseri kwa nyumba.”

Ndinawafunsa ngati si ubwana chabe, chifukwa ndinali nditamva kuti agalu ambiri amadutsa m'nyengo ya mantha akamasinkhuka. Anavomera kuti zimachitika, ndipo n'chifukwa chake satsekera galu wa miyezi 10 chitseko chifukwa cha tsiku limodzi. Koma anati pali zinthu zitatu zimene zikuloza mbali imodzi: khalidwe la mayi wake, miyezi itatu ija ya m'khola, ndi kuchedwa kwake kubwerera mwakale chinthu chikamudzidzimutsa. Maphunziro angathe kumuchepetsera mantha kuti azikhala bwino pakati pa anthu, koma kuchepetsa mantha n'kosiyana ndi kupanga kulimba mtima kumene munthu angaikepo moyo wake.

Kumene mayeso amenewa anachokera

Zimene anachita bambowo si nzeru za m'mutu mwawo okha, ndipo nditawerenga ndinapeza kuti anthu amene anayambitsa mtundu wa agalu amenewa ankaopa chinthu chomwechi. Max von Stephanitz atakhazikitsa bungwe la SV la agalu a German Shepherd ku Germany mu 1899, posapita nthawi kunayambika mayeso otchedwa Schutzhund, amene cholinga chake chinali kusankha agalu oyenera kubereketsa. Mayesowa, amene kuyambira mu 2019 amatchedwa IGP, ali ndi magawo atatu: kutsata fungo, kumvera, ndi kuteteza. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti galu saloledwa n'komwe kufika pa gawo loluma asanakhoze mayeso ena otchedwa BH, amene amachitika galu akakwanitsa miyezi 15. M'mayeso amenewo galu amayendetsedwa pamsewu pakati pa magalimoto, anthu a panjinga, othamanga, gulu la anthu ndi agalu ena, ndipo akaonetsa ukali kapena mantha aakulu, walephera. Mayeso oyambirira a IGP amafuna galu wa miyezi 18, ndipo galu amene waluma n'kukana kusiya atalamulidwa amachotsedwa m'mayeso, ngakhale atakhala wamphamvu chotani. Bungwe la SV limafunanso kuti chiuno cha galu chijambulidwe akakwanitsa miyezi 12, popeza agalu akuluakulu otere amavutika ndi mfundo za m'chiuno, ndipo galu amene akumva ululu sangadaliridwe pa ntchito iliyonse. IGP ndi mpikisano, ndipo galu wopambana kumeneko si kuti wasanduka mlonda wa munthu, koma dongosolo lake likuonetsa bwino chimene chimayamba: kudekha pakati pa anthu, kenako kumvera, ndipo mano pomalizira.

Nanga n'zotheka kudziwa galu akadali khanda? Ofufuza awiri a ku Sweden, Erik Wilsson ndi Per-Erik Sundgren, anayesa ana a German Shepherd mazana ambiri ali ndi masabata 8, n'kuwayesanso atakula, ndipo mu 1998 analemba kuti mayeso a ukhandawo sankalosera bwino za galu wamkulu. Ku South Africa, Slabbert ndi Odendaal anatsatira agalu obadwira kumalo obereketsera agalu apolisi, ndipo mu 1999 analemba kuti zizindikiro zothandiza kwambiri zinali kutola chinthu choponyedwa pa masabata 8 ndi mmene galu amachitira akaputidwa pa miyezi 9. Ofufuzawa sakugwirizana pa zonse, koma ine ndikuwerengamo chinthu chimodzi: ngakhale kumalo kumene agalu amabereketsedwa mwadala kuti agwire ntchito imeneyi, ambiri sayenera, ndipo chigamulo chenicheni chimadikira galu asinkhuke. Choncho munthu amene akugulitsa kagalu ka masabata 6 pa Facebook n'kumalonjeza kuti kadzakhala koteteza, akulonjeza chinthu chimene iye mwini sangachidziwe.

Unyolo ndi tsabola

Chimene chimandiwawa ndikaganizira zonsezi ndi njira zimene ambiri a ife timagwiritsa ntchito pofuna galu wolusa. Timamutsekera m'kakhola kamdima masana onse kuti asazolowere anthu, timamumanga pa unyolo waufupi padzuwa, ena amamuthirira tsabola m'chakudya, ena amauza anyamata kuti azimenya khola ndi ndodo. Galu wotere amalusadi, ndipo mwini wake amaona ngati njirayo yagwira ntchito. Koma amene wapangidwa pamenepo ndi galu wofanana ndi Bruno wa kumbuyo kwa miyendo yanga uja, kungoti mantha ake afika poipa ndipo alibenso munthu amene amamukhulupirira. Tsiku limene unyolo udzaduke masana, kapena geti lidzasiyidwe lotsegula ana akuweruka kusukulu, sadzasiyanitsa mbava ndi mwana wa yunifolomu, chifukwa onsewo sanawaonepo pafupi.

Galu amene angasiyanitse munthu woopsa ndi munthu wamba ndi amene waona anthu wamba ambirimbiri: ana othamanga, agogo a ndodo, woledzera wodzandira, mayi wosenza mtolo, wanjinga ya kabaza. Akadziwa mmene anthu abwinobwino amayendera, m'pamene angazindikire amene akuyenda mwachilendo.

Mafunso amene anali okhudza ine

Tisanasiyane, bambowo anati ngakhale Bruno akanakhoza zonse, panali mayeso ena amene sankakhudza galu. Anafunsa kuti ndikakhala kushopu, galuyo amakhala ndi ndani. Ndinati ndi mtsikana wothandiza pakhomo ndi ana akaweruka. Anafunsa ngati mtsikanayo angathe kulamula galu wolemera makilogalamu oposa 30, amene waphunzitsidwa kuluma munthu, kuti asiye, galuyo n'kumvera pa mawu oyamba. Anafunsa za alendo, ndipo ndinaganiza za abale ochokera kumudzi amene amafika osanena, amayi a kumpingo amene amasonkhana kwathu, ndi anzawo a ana anga amene amalowa osaodira. Anandiuza kuti maphunziro amenewa sakhala ndi tsiku lomaliza, chifukwa galu woteteza amafunika kubwerezedwa zimene anaphunzira sabata ndi sabata moyo wake wonse, makamaka lamulo losiya, ndipo amene amayankha mlandu galu akaluma munthu ndi mwini wake, osati mphunzitsi.

Kenako anafunsa funso losavuta limene linathetsa nkhani yonse. “Mayi, mwati mumayenda pa minibasi. Mukamatsika pa siteji usiku, galuyu adzakhala ali kuti?” Yankho linali lodziwikiratu: adzakhala ali kunyumba, m'kati mwa mpanda, chifukwa palibe kondakitala amene angalole galu wamkulu chotero m'minibasi, ndipo sindingamusunge m'shopu tsiku lonse. Galu woteteza munthu amathandiza amene angathe kukhala naye pafupi nthawi imene choopsacho chili, ndipo moyo wanga si wotero. Chimene mabanja ambiri ngati lathu amafunikira ndi galu amene amamva msanga, amauwa kuti a m'nyumba adzuke, amaoneka wamkulu moti wofuna kuchita chipongwe aganize kawiri, koma amamvera ndipo saluma mlendo.

Mmene zilili tsopano

Bruno sanalowe maphunziro oluma, koma analowa maphunziro omvera, ndipo bambowo anaumirira kuti ine, mwana wanga wamkulu ndi mtsikana wapakhomo tiziphunzira naye limodzi. Anaphunzira kuyenda pambali osakoka chingwe, kukhala pansi, kubwera akaitanidwa, ndi kupita kumalo ake mlendo akagogoda. Masewera okokana chiguduli timachita nayebe, koma nthawi zonse amathera pa lamulo losiya, ndipo palibe amene amaloledwa kumuputa kapena kumuopseza kuti aone ukali wake.

Ntchito yaikulu yakhala yomuonetsa dziko pang'onopang'ono. Timayenda naye m'mawa n'kuima patali ndi msika, pa mtunda umene angathe kuona anthu koma n'kulandirabe chakudya m'dzanja langa. Akakana chakudya, ndimadziwa kuti tayandikira mopitirira ndipo timabwerera m'mbuyo, chifukwa kumukakamiza kumangowonjezera mantha. Mtunda umenewo wakhala ukufupika. Tsopano amatha kukhala pansi wanjinga akudutsa pafupi, ngakhale kuti munthu wovala chipewa chachikulu amamuvutabe ndipo ubweya wa pamsana umaimabe. Madzulo ndikamayandikira siteji ndimaimba foni, ndipo mwana wanga wamkulu amabwera kudzandichingamira atagwira Bruno pa chingwe. Pageti tinaikapo getsi lowala kwambiri, ndipo pamakhala munthu wodikira kuti nditsegulidwe ndisanagogode.

Bambowo anati tidzabwererenso pabwalo lija Bruno akakwanitsa miyezi 18, kuti adzaone mmene akuchitira pakati pa anthu achilendo. Anati zikadzakhala bwino akufuna kumuyambitsa maphunziro otsata fungo ndi kufufuza zinthu zobisika, chifukwa cha mmene anafunafunira mpira m'maudzu osatopa, ndiponso chifukwa agalu amantha ambiri amayamba kudzidalira akapeza ntchito ya mphuno imene amaichita bwino. Pakali pano anatipatsa choyambira: timabisa mpira m'malo osiyanasiyana a pabwalo la kunyumba, Bruno ali m'nyumba, kenako n'kumutulutsa kuti aufunefune yekha popanda womulozera.